Nkhama Zakuda za Mwana Wanga

"Ama, mukumubayitsa chitsulo mwanayu, mwamuyesa khasu kodi?" anandifunsa mayi woyandikana nane kwathu ku Kande, ataona nkhama za mwana wanga zitada.

Sananame. Bambo wobaya jakisoni kuchipatala cha ku Chintheche anandiuza yekha kuti m'mankhwalamo muli chitsulo, ndipo ndicho chimapha tizilombo ta zilonda zimene zinkadya phazi la mwanayo. Za penisilini tinali tisanamve masiku amenewo. Anati nkhama zidzada ndithu, koma ndisadumphe sabata ngakhale imodzi.

Apongozi anga analetsa, amvekere mwana wakuda m'kamwa ndiye kuti wadyetsedwa. Ndinawayankha kuti, "Nkhama zakuda sizimuletsa kudya, ama. Koma phazi likawola, ndidzamubereka ndine mpaka atamera ndevu."

Lachiwiri lililonse ndinkamuponya kumsana, ulendo wapansi mumchenga wotentha. Chinangwa chimene ndinaviika m'dziwe chinawolera momwemo, poti pakhomo panalibe wofuna kundivuulira.

Zilonda zinauma sabata yachisanu ndi chimodzi, mwana n'kuyamba kuponda yekha. Tinataya madengu awiri a chinangwa, kachala kamodzi kakuphazi, ndi moni wa apongozi chaka chathunthu.