Mkanjo Womangira Kumanzere

Mayi Shen Qiaoyun akhala akudula nsalu za silika mumzinda wa Suzhou kwa zaka makumi anayi, ndipo sizasi yawo sabwereka munthu ngakhale atawagwadira. Ndi mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa, choko chili kukhutu tsiku lonse. Anayamba ntchitoyi pamodzi ndi mnzawo wa pamtima, mayi ake a Gu Yanting. Mnzawoyo atamwalira, shopu inatsala m'manja mwa Yanting, yemwe anaphunzira zojambula zovala ku Ulaya.

Chaka chino Yanting anagwa m'chikondi ndi pulogalamu ya pakompyuta. Amangoiuza kuti ijambule chovala cha makolo, iyo n'kulavula zithunzi makumi asanu tiyi asanazizire. Kunena zoona, zinali zokongola. Ndiye anawauza a Qiaoyun, maso ali pansi, kuti mwezi ukatha zithunzi zizipita ku fakitale mwachindunji, ndipo tebulo lawo lodulirapo lichotsedwa. Zinawapweteka kwambiri a Qiaoyun, koma anangoti, "Chabwino. Kompyutayo izikuphikiranso mpunga."

Ntchito yawo yomaliza inali mkanjo wofiira wa agogo ena amene ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mwana wa agogowo anali atavomereza kale chithunzi pa foni. Yanting anachisindikiza papepala n'kuchiyala patebulo monyadira: mbalame za miyendo italiitali zofunira munthu moyo wautali, mitambo ya ulusi wagolide pa manja a mkanjowo.

A Qiaoyun anavala magalasi, anayang'ana, kenako anaika sizasi pansi.

"Ichi sindidula."

"Azakhali, musayambe," anatero Yanting. "Mukungodana ndi makinawo basi."

"Makina ako andilakwira chiyani ine? Pa mbalamezi andiposa, ndikuvomera. Koma taona pachifuwapa. Chikumangira mbali iti?"

"Kumanzere. Nanga pali vuto? Yangotembenuza chithunzi."

"Wamoyo amamangira kumanja, mwana iwe. Kumanzere timamangira maliro. Ukufuna agogo a eni ake akakhale pakati pa zidzukulu, akudya zakudya za phwando lawo, atavala chopita nacho kumanda?"

Yanting anayesa kuseka. Anati masiku ano ndani amayang'ana zimenezo.

"Azimayi onse okalamba amene adzabwere kuphwandoko. Palibe adzalankhule, koma agogowo adzadziwa." A Qiaoyun anasalaza pepalalo ndi dzanja, mawu awo n'kutsika. "Ine chomangira kumanzere ndinasokapo chimodzi chokha moyo wanga wonse. Cha mayi ako. Patebulo lomweli. Iwe unali m'ndege, unafika bokosi atatseka kale."

Yanting anakhala pampando wa makasitomala n'kumayang'ana tebulolo, mmene linakumbikira m'mphepete momwe zigongono za azimayi awiri zinkatsamira. Zaka zisanu ndi chimodzi zonsezi sanafunsepo kuti mayi ake anawaveka chiyani, ndipo manyazi anamugwira limodzi ndi chisoni.

"Chinali cha mtundu wanji?" anafunsa.

"Chobiriwira. Ndi mtundu umene ankaukonda. Ulusi sindinamange mfundo, kuti asamangike paulendo."

Pulogalamu ija Yanting sanaisiye, ndipo a Qiaoyun amaitchabe "bwenzi lako losaphunzira mwambo". Koma chithunzi chilichonse chimayamba chagona patebulo lawo chisanapite kwina. Tsiku la mkanjo wofiira lija Yanting anapukuta m'maso, anatola sizasi ija imene palibe amaikhudza, n'kuipereka kwa a Qiaoyun ndi manja awiri.

"Azakhali, ndionetseni kumanja."