Nkhono za Pachilumba ndi Chitsime cha ku Likoswe

Inu amene mumaona ngati zimene mukudziwa n'zopanda ntchito, tamvani za a Bonifasio a ku Likoswe.

M'chaka cha njala cha 1949, pamudzi panalibe munthu wonyozeka ngati iwo. Anali mkamwini, wotsimphina mwendo, chimanga chawo chitapserera chisanabereke. Tsiku lina masana a Mikaele, amalume a mkazi wawo Eluby, anawaitana.

"Akamwini, pano pakamwa pachuluka. Mwezi uno ukatha, mupinde bulangete lanu muzipita kwanu."

Kwawoko kunalibenso munthu, makolo anatha kale. Ndipo mwa mwambo, ana awo awiri akanatsala kwa mayi awo.

Kunyozedwaku kunayamba atangobwera ku nkhondo. Anzawo anagwira mfuti, koma iwo anapatsidwa piki ndi fosholo. Pachilumba cha Madagasika ntchito yawo inali kukumba zimbudzi ndi zitsime za asilikali, ndipo mwendowo unathyoka dzenje litawagumukira.

Koma kumeneko anaonako chinthu. Akukumba pachitunda, ulendo wa masiku atatu kuchokera kunyanja, piki inaswa mwala woyera wodzaza ndi zigoba za nkhono zam'nyanja. Anakafunsa sajeni wina wachizungu amene asanalowe usilikali ankaphunzira za miyala. Sajeniyo anati kalekale, anthu kulibe, nyanja inali pomwepo. Matope ndi mchenga zinkakhazikika pansi pake, china pamwamba pa chinzake ngati mphasa zosanjikiza, nkhono zikafa n'kumakwiririka momwemo. Kenako mtunda unakwera, nyanja n'kusamuka.

"Pamene madzi anadutsa sipabisika," anatero sajeniyo. "Nthaka imasunga."

Kuyambira tsiku limenelo a Bonifasio sanakumbenso chimbulimbuli. Dzenje lililonse ankaliyang'ana m'mbali, dothi n'kumalifikisa m'zala. Anazindikira kuti madzi amalowerera mumchenga, akafika padongo n'kuima.

Atabwera n'kufotokoza za nkhonozo, anthu anagwira nthiti.

"Nkhono pamwamba pa phiri? Zinakwera pa njinga?"

Dzina lawo linasanduka a Nkhono.

Tsopano chaka cha njalacho zitsime zonse zam'dambo zinaphwa. Eluby ankalawira ndi mtsuko, mwana kumsana, kubwera dzuwa lili paliwombo ndi madzi amatope. A Bonifasio sanatsutsane ndi apongozi awo. Anatsikira m'khwawa lakuya lakumunsi kwa mudzi n'kumayenda pang'onopang'ono, maso ali pazipupa zake. Tsiku lachitatu anaona mzere wa timiyala tobulungira, tosalala, utalowa m'dothi kulunjika kumunda wa a Mikaele. Mwala subulungira wokha, amaubulungiza ndi madzi. Pamenepo panadutsa mtsinje wakale umene unakwiririka.

Vuto linali loti m'mundamo munali nandolo, mbewu yokhayo imene dzuwa linaileka.

"Apongozi, ndiloleni ndikumbe m'munda mwanu."

"Mu nandolo? Chaka chino? Kodi nkhondo ija inakuthyolani mwendo wokha, kapena ndi mutu womwe?"

"Ndizula mitengo khumi basi. Madzi akapanda kutuluka, sindidikira kuti mwezi uthe."

A Mikaele anayang'ana mwana wa mlongo wawo uja. Eluby anangoti, "Amalume, ndowa ndizikoka ndine."

Anazula nandoloyo anthu akuonerera, azimayi ena atagwira pakamwa. A Bonifasio anauziratu mkazi wawo mmene dothi lizitulukira: choyamba lofiira, kenako lakuda lolimba, kenako mchenga, pomaliza timiyala tija. Ndipo linkatulukadi motero. Koma kukumba ndi phala la gaga lokha m'mimba si masewera. Matuza a m'manja anaphulika, piki ikapita m'mwamba maso ankachita chidima. Odutsa nawo osaleka.

"A Nkhono, nyanja ija mwaipeza? Mutigwirireko nsomba ziwiri za ndiwo!"

Tsiku lachisanu ndi chinayi anafika pamchenga, koma unali wouma ngati phulusa. Eluby anasuzumira m'dzenjemo.

"Bambo a Anjelina, tulukani tikapepese kwa amalume. Mwina atimvera chisoni."

"Kokani ndowa zina zitatu, mayi. Yachitatuyo muufinye m'manja mchengawo."

Anakoka. Yoyamba youma. Yachiwiri youma. Yachitatu ataufinya mchengawo, unagwirana, zala zake n'kudindika pamenepo. Eluby anakhala pansi n'kulira.

Patapita masiku ena atatu, piki inalira patimiyala, ndipo madzi anayamba kutumphuka pakati pa zala zawo zakumapazi, ozizira.

A Mikaele anafika osaitanidwa. Anamwa chikho chimodzi, chachiwiri. Kenako anawerama pakamwa pa chitsimecho.

"Akamwini, tulukani mudye. Ndinalankhula ndi njala tsiku lija. Anawa adzakula ndi bambo awo pompano."

A Bonifasio atatuluka, matope mpaka m'ndevu, sanadzitame. Anagwira zikhatho za mkazi wawo zimene chingwe chinazisupula, n'kunena kuti, "Thokozani Mulungu, ndi manja awa. Ine ndinali pansi, dothi lonselo analitulutsa ndi iwowa."

Chitsimecho chinamwetsa mudzi mpaka mvula inagwa, ndipo pambali pake anadzala mpiru ndi maungu. Zaka zotsatira anthu ankabwera panjinga kuchokera ku Namitambo ndi ku Mbulumbuzi kudzawatenga kuti akawaonetse pokumba. Mpaka kukalamba, akamatchula anthu amene anawathandiza, sajeni uja sankamuiwala, ngakhale dzina lake silinkatchulika bwino pakamwa pawo.

Tsono inu, ntchito imene mwapatsidwa lero, kaya ndi yokumba chimbudzi, igwireni maso ali otsegula. Chimene simukuchimvetsa, funsani. Akakusekani, asiyeni aseke. Ndipo ndowa ikatuluka youma, musataye mtima. Kokani inanso.