Kampango m'thanki ya pikapu ya bambo

Bambo anga anagwira ntchito ya umakaniko pa esiteti ya tiyi mpaka imvi zinamera. Atapuma anagula pikapu yakale imene kampani inkafuna kuitaya, n'kuidzutsa ndi manja awo. Anthu ankabwera ndi galimoto zawo kwathu, kuseri kwa Chitakale, kuti bambo angozimvetsera. Ankaima chapatali manja ali kumbuyo, n'kutchula pomwe pali vuto asanagwire sipanala.

Chaka chimene petulo anasowa m'dziko muno, bambo anapita ku maliro a mlongo wawo ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndipo anakhalako sabata yathunthu. Makiyi anawasiya pa msomali. Ine n'kuti nditangotenga laisensi, komanso ndili ndi chibwenzi kumudzi wina kupitirira Chonde. Zomwe ndinachita mwazidziwa kale.

Pobwerera mvula inagwa, pikapu n'kutitimira m'matope. Ndinalowetsa giya yokokera matayala onse anayi n'kutulukamo, koma nditafika pa tala giyayo inakana kuchoka. Ndinaiponda ndi chidendene mpaka chogwirira chake chinabwerera m'malo mwake. Pa Chonde petulo anandithera. Ndinagula wa m'zigubu, uja bambo ankati theka lake ndi madzi. Pofuna kuchenjera ndinayala kampango kanga kopukutira thukuta pakamwa pa thanki kuti kasefe zinyalala. Wogulitsayo anakhuthula mwamphamvu, kampango kananditsomphoka n'kumira m'thanki. Ndinayesa kukakowa ndi waya, koma ayi ndithu. Nditafika kunyumba ndinaitsuka pikapuyo bwinobwino, n'kubwezera makiyi pa msomali.

Bambo atabwera, matenda anayamba. Imayenda bwino tsiku lonse, mawa lake n'kuzima yokha pakati pa msewu. Ukaidikira pang'ono imalira ngati palibe chachitika. Masiku ena pokhota pa tala inkauma, chiwongolero chikulimba, matayala akutsogolo akudumphadumpha ngati mbuzi yokana chingwe.

Tsiku loyamba lomwelo bambo anaimvetsera n'kunena kuti, "Iyi ikumanidwa mafuta, ngati m'thanki muli chinthu. Ndiye uku kutsogoloku kukukoka nawo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, ine kulibe, alipo anaigwira galimotoyi?"

"Ayi, Bambo. Yangokhala pompano."

Anandikhulupirira, poti ndinali ndisanawanamizepo nkhani ya galimoto. Anati ngati palibe anaigwira ndiye kuti khutu lawo lawanamiza, chifukwa m'thankimo iwo sathiramo zachabechabe, ndipo giya ya m'matope ili m'malo mwake. Popeza kuzima ndi kuuma zinkakonda kuchitika pokhota, anaganiza kuti ndi nthenda imodzi. Anayamba kusaka chinthu chimene kunalibe.

Anamasula kabuleta kawiri. Anasintha mapulagi ndi sefa ya mafuta, anatsata mawaya onse kuyambira ku batire. Anaikweza pa jeke n'kumasula mabuleki, tsikulo matayala n'kumazungulira bwinobwino, ngati dala. Ine ndinali pomwepo, ndikuwapatsira masipanala. M'mawa uliwonse ndinkati lero ndinena, koma bodza likagona masiku atatu limamera mizu. Ndinali wamantha, palibenso dzina lina.

Tsiku lina inawazimira pa siteji ya maminibasi pa Chitakale. Oitanira anaikankha akuseka. "Madala, sing'anga walephera kudzichiza yekha!" Bambo anaseka nawo, koma kunyumba sanadye.

Chimene chinkawadya mumtima ndinachidziwa mochedwa. Mkulu wawo, amenenso anali munthu waluso, anayamba ndi kuiwala tinthu ting'onoting'ono, mapeto ake sankazindikira ndi ana ake omwe. Ndinayamba kuona bambo akulemba pa kapepala chilichonse chimene amasula, zimene sanachitepo chibadwire. Ankawerenga mabawuti kawiri. Madzulo ena anawafunsa mayi dzina la mdzukulu wawo, osati poti aliiwala, koma kuti aone ngati limene lili m'mutu mwawo ndi lomwelo.

Sabata yachisanu kunabwera aphunzitsi ena opuma ndi galimoto yawo yogogoda. Bambo sanadzuke n'komwe pampando.

"Pitani nayo kwa anyamata ku boma, achimwene," anatero. "Ine mutuwu wayamba kundithawa. Ndingakuonongereni."

Aphunzitsi aja atachoka ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo. Ndinanena zonse, za matope, za chidendene, za zigubu, za kampango. Ndinkayembekezera khofi, ndipo kunena zoona ndinkalifuna.

Sanandimenye. Anangodzuka, n'kundiuza kuti nditenge beseni. Tinatsitsa thanki, kampango kanatuluka kali bii, kataterera ngati ndere. Mafuta akagwedezeka kankapita kukatseka paipi, injini ikazima n'kuchokapo. Pansi pa galimoto anapeza kachitsulo ka giya ija katapindika, moti nthawi zina inkalowa yokha chogwirira chili phee. Anakawongola ndi hamala. Dzuwa lisanapendeke pikapu inali ikukhota pa tala mofewa.

Titabwerera anazimitsa injini koma sanatsike. Manja awo anali akadali pa chiwongolero.

"Ndiye kuti mutu wangawu uli bwino?"

"Uli bwino, Bambo."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi. "Ndinali nditawauza kale amayi ako kuti ndikadzayamba kusochera azidzanditsekera m'nyumba, anthu asamandione. Iwe masipanala aja unkandipatsira ukudziwa?"

"Eya, Bambo."

"Mwana wanga, ukananena tsiku lija ndikanakukalipira mpaka madzulo basi."

Anatsika n'kulowa m'nyumba kukawauza mayi. Ine ndinatsala m'galimotomo, ndipo manyazi a tsikulo sanandichokebe mpaka lero.