Mzee Pazi ndi Thabwa la pa Ngalande

Mzee Pazi anasiya kuona ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo sanasocherepo mumsewu wathu wa Kwa Mpemba, kuno ku Dar. Ife amasofe ndi amene tinkagwera m'maenje. Iwo maenjewo ankawadziwa ngati abale awo.

Ntchito yawo inali yoluka timikeka topukutirapo mapazi ndi zingwe za makoko a kokonati, pashedi ya kumapeto kwa msewu. Zaka makumi atatu, m'mawa uliwonse, ankatuluka okha, ndodo m'manja, kofia kumutu. Chivundikiro cha ngalande chikalira minibasi itachiponda, ankadziwa kuti afika pakati pa ulendo. Madzi a paipi yophulika akanyowetsa nsapato, ankakhotera kumanzere. Fungo la chapati cha Bi Chausiku, mayi wokazinga m'mbali mwa msewu, linkawauza kuti awoloke, pakuti pamenepo magalimoto ankayenda pang'onopang'ono, osati mwaulemu ayi, koma poopa chidzenje chothyola zitsulo.

Kenako kunabwera chitukuko. Komiti Yokonzanso Msewu inaitanitsa msonkhano nitiuza kuti msewu wathu ndi woopsa, nkhani yomwe ife obadwira momwemo tinailandira moyamikira kwambiri. Anati kubwera mapaipi atsopano, nthambo zamagetsi zodutsa pansi, ndi njira ya oyenda wapansi. Ntchito yonse miyezi itatu. Sanatchule kuti miyezi ya chaka chiti.

Sabata yoyamba anazula chivundikiro chija. Yachiwiri anasamutsa Bi Chausiku ndi chiwaya chake kupita tsidya lina. Yachitatu anakumba ngalande yakuya kuposa msinkhu wa munthu, kuyambira pamzikiti mpaka kumsika, pansi pake zitsulo zosongoka zitaloza kumwamba. Pofuna kuteteza anthu onse mosasankha, anazunguliza kalamba kapulasitiki kofiira ndi koyera, naimikanso chikwangwani chochenjeza. Mzee Pazi anamva kwa anthu kuti zilembo zake n'zazikulu bwino.

Mwana wawo wamkazi Mwamvita, namwino wa ku Morogoro, ankaimba foni tsiku ndi tsiku.

"Baba, bwerani kuno. Chipinda chilipo, mpando pakhonde ulipo."

"Mpando? Kodi ndafa ine?"

"Mukangogwa kamodzi kokha, ndikubwera kudzakutengani. Ndipo simudzatsutsa."

"Ndamva, mayi anga."

Ndiye chifukwa chake sanauze munthu kuti akuopa. Koma ife oyandikana nawo tinkaona. Ankaima pakhomo nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi dzuwa lisanatenthe. Powolokera ngalandeyo panali thabwa limodzi, ndipo antchito ankalisuntha malinga ndi pamene afika: dzulo pa telala, lero pamzikiti, mawa kaya. Wina akati awagwire dzanja, ankakana. "Mukandigwira lero, mawa Morogoro yonse yamva."

Lachinayi lina, mvula itangokata, thabwalo analipeza ndi ndodo kutsogolo kwa butchala. Anaponda. Linali loterera ndi matope, m'lifupi mwake mongokwana phazi limodzi ndi theka. Anayenda mapazi anayi, asanu, thabwa nkuyamba kupindika. Nthawi yomweyo wina analiza makina otsendera dothi.

Kwa munthu ngati iwo, phokoso ndiye mdima. Makoma anasowa, mawu a anthu anasowa, msewu wonse unasanduka chinthu chimodzi chonjenjemera. Anafufuza kutsogolo ndi ndodo, ndodo nkupulumuka. Anatchera khutu kuti amve pamene igwere, adziwe kuya kwa dzenjelo. Sanamve kanthu. Anaima chilili, manja ali m'malere, osadziwa kuti kufupi n'kutsogolo kapena kumbuyo.

Makina atazima, anyamata a njinga zamoto anayamba kuthandiza, aliyense mwanzeru zake.

"Mzee, kumanja!"

"Kumanja kwa ndani, chitsiru iwe? Ufuna uwaphe?"

"Madala, musapume! Imani choncho!"

Mmodzi anaponda thabwalo kuti akawatenge, thabwa nkulira, khamu lonse nkukuwa. Anabwerera msangamsanga.

"Khalani chete, agalu inu!" Anali Bi Chausiku, atasiya chapati chikupserera. "Mzee, ndine Chausiku. Gwadani. Pang'onopang'ono. Gwirani thabwa manja onse. Eya. Tsopano bwerani kumene kuli mawu angaku. Ine sindisiya kulankhula, mukundidziwa."

Sanasiyedi. Anawauza za mtengo wa ufa, za ulesi wa mwamuna wake, za mlamu wake wosabweza poto. Ndipo bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu anakwawa pamaso pa msewu wonse, mkanjo wawo wa kanzu uli matope okhaokha, milomo ikutchula dzina la Mulungu popanda mawu, mpaka zala zawo zinakhudza phazi la mayiyo.

Kapitawo wa ntchito anafika ndi chipewa chake choyera, nafotokoza mwaulemu kuti thabwalo ndi la antchito okha, ndipo kuti zimenezi zinalembedwa pachikwangwani.

"Sindinagwe," anatero Mzee Pazi. "Chausiku, aliyense akafunsa, sindinagwe."

"Simunagwe, Mzee. Koma tasiyani mkono wangawu, muuthyola."

N'zoona, sanagwe, ndipo palibe anaimbira Mwamvita. M'mawa mwake wina anawabweretsera ndodo yatsopano. Mzee anavala, natsegula chitseko, naima. Makina analira chakumsika. Anatseka chitseko. Loweruka chimodzimodzi. Lamulungu tinawamva kudzera pazenera akuimbira okha foni Mwamvita.

"Mayi anga, basi yam'mawa imanyamuka nthawi yanji?"

Msewu unatha chaka chotsatira, wosalala, wa nyali zake, ndipo m'mbali mwake anayala matailosi achikasu a timabamputimabampu otsogolera anthu osaona. Pokonzekera mwambo wotsegulira, Komiti inafuna munthu wosaona woti ayendepo pamaso pa atolankhani. Anakagogoda kwa Mzee Pazi, napeza atasamukira kale ku Morogoro, m'nyumbamo muli walendi watsopano, wamaso ake awiri abwinobwino. Anachita kukabwereka wina kudera lina la mzinda. Anabwera naye pagalimoto, anayenda mapazi khumi, tinawomba m'manja, nkumubweza pagalimoto yomweyo.