Njinga ya Lachisanu

Inali yofiira, ya magiya, belu lake lolira ngati supuni m'kapu. Atate anaigula m'sitolo yaikulu ya m'tauni chaka chimene anawasamutsira kusukulu ina ku Kasenengwa, ife n'kutsala ku Nabvutika. Ntchito yake inali imodzi: kubweretsa atate kunyumba Lachisanu lililonse.

Amalume, amene ankanyamula makala panjinga yakuda yolemera, ananyamula yofiirayo ndi dzanja limodzi. "Alamu, iyi ndi ya pamsewu wa tara. Mukanapirira pang'ono n'kugula yakuda." Atate anati mphunzitsi sangakwere njinga ya makala. Ine ndinali mbali yawo, poti yofiirayo inkawala.

Mvula isanagwe atate ankafika thalauza atalipana ndi zopanira zovala, masuku ali m'thumba. Itagwa, matope anadya magiya, masipoko n'kumathothoka. Okonza njinga akumudzi ankangoizungulira. Zitsulo za yakuda anali nazo m'chitini, koma za iyi ankati kafunseni ku Lusaka. Atate anayamba kufika akuikankha, tayala atalitsendera udzu n'kulikulunga ndi mphira. Ankangodziponya pampando osavula nsapato. Kenako anayamba kubwera mwezi ukatha. Kenako kunkabwera uthenga wokha, woti njinga yafanso.

Ndinatopa nako kudikira kumsewu. Mpaka lero, Lachisanu madzulo thupi limandilemera.

Amayi sanadandaule. Anayamba kukazinga zitumbuwa, ndipo dzinja lonse zovala zathu zinkanunkha mafuta opserera. Pokolola anagulitsanso mtedza wa kumunda kwawo ku Chipangali, n'kugula yakuda. Amalume anaikunga okha masipoko, n'kuipalasa kukaisiya ku Kasenengwa. Pobwera sanalowe m'nyumba. Anaitanira amayi kuseri, kumene ine ndinkatsuka mbale.

"Mlongo, njinga yafika. Koma amene wailandira pakhomo ndi mayi wina, ali ndi khanda kumbuyo."

Amayi anangoti zikomo, n'kufunsa ngati amalume adya.

Lachisanu ndinapitanso kumsewu, ndipo lotsatira lakenso. Njinga zakuda zinkadutsa zambiri, za makala, za nkhuku, ina itanyamula wodwala. Amayi anadzanditenga dzuwa likulowa, akuyenda pang'onopang'ono. Ndinawauza mokwiya kuti amalume anatinamiza, yakudanso imafa.

"Imafa, mwanangu," anatero.

Ndinawapempha kuti chaka chamawa tigule ina yolimba kuposa pamenepo. Ndinali wotsimikiza kuti penapake pamsewu wa Kasenengwa atate akuikankha, akubwera.