Tsiku Limene Ndinakatenga Lole Yatsopano ya Zinyalala

Lole yathu yakale inafera pachitunda cha ku Katawa Lachiwiri lina m'mawa, itasenza makoko a nthochi ndi kabichi wowola wa kumsika. Pachiwongolero ndinali ine. Inatsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi woyera, kenako zii. Ndinali nditaiyendetsa zaka zambiri, chibwerereni ku Mzuzu kuchokera kwathu ku Ntcheu, moti kulira kwake konse ndinkakudziwa. Kwa tsiku limenelo kunali kotsanzika.

Makaniko wa kukhonsolo, bambo wachikulire wa ku Nkhata Bay, anabwera ndi thirakitala kudzatikoka. Anasuzumira mu injini nthawi yaitali, kenako anapukuta manja n'kundiyang'ana.

"Adada, iyi yafa chomene," iwo anatero. "Ngakhale mundipatse mwezi wathunthu, sidzukanso."

Inafa pa nthawi yolakwika. Mzinda unali kukula ngati bowa. Ku Luwinga ana a payunivesite ankachuluka chaka ndi chaka, ndipo aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankamangapo zipinda zalendi. Kunadza timagolosale, malo okazingira tchipisi, malo ometera. Zonsezo zinkabala majumbo ndi mabotolo. Ife tinatsala ndi thirakitala ndi ngolo yake, yoyenda ngati nkhono.

Ine ndinkaganiza kuti kugula lole ndi nkhani ya sabata imodzi, bwana amangonyamuka, n'kukaloza imene yamusangalatsa. Amene anandichotsa umbuliwo anali injiniya wathu, mayi wa mumzinda momwemu, wolankhula mothamanga, wosakaniza Chichewa, Chitumbuka ndi Chizungu m'mpweya umodzi. Anandiitanitsa ku ofesi kwawo, ine n'kulowa nditagwira chipewa m'manja, ndikuganiza kuti andiimba mlandu wopha lole.

"Khalani pansi, adada. Tigula ina," iwo anatero. "Koma katundu wa mzinda sagulidwa ngati njinga. Ndilemba lipoti, komiti ya makhansala ikambirana, kenako khonsolo yonse ivomereze. Tikatero tilengeza m'nyuzipepala kuti aliyense wogulitsa abwere ndi mtengo wake. Koma tisanalengeze, tilembe kaye kuti tikufuna lole yotani. Amene akudziwa misewu ndinu. Mawa mundiperekeze."

Ndinatuluka mu ofesi muja mapazi akuyandama. Zaka zonsezo palibe anandifunsapo maganizo pa china chilichonse.

M'mawa mwake tinapita ku Luwinga ndi tepi yoyezera. Kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu kosadziwa nyengo. Ndinawaonetsa kanjira kopapatiza pakati pa mipanda iwiri, pamene ndinkapinda magalasi kuti ndidutse. Ndinawaonetsa pamatope pamene ndinatitimirapo katatu, kenako tinapita kukaona ngalande ya ku Kaning'ina imene imakhula mimba ya galimoto iliyonse yotsika. Ine ndinkagwira nsonga ya tepi, iwo ankalemba.

"Ikhale yokwera m'mwamba, amama," ndinawauza. "Isakhale yaitali kwambiri. Yotsika mimba kuno itha mwezi umodzi."

Analemba momwemo, ine ndikuona.

Kenako kunali kudikira. Komiti inakhala, khonsolo yonse inakhala. Kwathu anansi ankavutitsa mayi a kunyumba pampope, kuwafunsa kuti amuna anu agula liti lole, ngati kuti ndikagula ndi ine. Iwo m'malo mokwiya ankayankha monyadira kuti nkhaniyo ili m'manja mwa akomiti, ndipo abambo akuithamangira.

Tsiku limene chilengezo chinatuluka ndinagula nyuzipepala koyamba m'moyo wanga. Ndinaima pansi pa khonde la sitolo n'kuwerenga ndi chala. Chinali m'Chizungu chovuta, koma manambala a kutalika ndi kukwera kwa lole ndinawazindikira. Anali a tepi ija! Ndinathamangira kugalaja kukawaonetsa a makaniko, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwalowa m'nyuzi, adada, koma dzina lanu sindikuliona!"

Pakhomo la ofesi anaikapo bokosi lamatabwa la maloko awiri, makiyi ake akusungidwa ndi anthu awiri osiyana. Ogulitsa ankabwera n'kuponyamo maenvulopu omata. Ine podutsa ndinkaliyang'ana bokosilo ngati nkhuku yofungatira mazira.

Tsiku lotsegula ndinavala jekete yanga ya kutchalitchi. Aliyense ankaloledwa kulowa, choncho ine ndi a makaniko tinakhala kumbuyo. Nthawi itakwana anatsegula maloko pamaso pa onse, n'kutulutsa maenvulopu atatu. Ankang'amba imodzi imodzi, kuwerenga mokweza dzina la kampani ndi mtengo wake, oimira makampaniwo akulemba mwakachetechete osayang'anana.

Mu envulopu yachiwiri munali chithunzi, ndipo chinayenda m'manja mpaka kutifika. Mayo ine! Chilole choyera mbee, chachitali, chonyezimira, chotafuna chokha zinyalala kumbuyo. Komanso ndiyo inali yotsika mtengo pa zonse. Ndinadziona kale ndili m'menemo, ndikudutsa pakati pa tauni anthu akutembenuka.

Titatuluka ndinawathamangira a injiniya pakhonde.

"Amama, ndi yomweyo! Yoyera ija!"

Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka.

"Inu nomwe? Amene munandinyowetsa ndi mvula ku Luwinga? Mwaiona mimba yake pamene ili? Mwauona utali wake? Ikalowa bwanji pakati pa mipanda ija?"

A makaniko anawonjezera kuti zipangizo za mtundu umenewo sizipezeka m'dziko muno, ikadzathyoka kachitsulo kamodzi idzagona pagalaja mpaka kumera udzu. Ndinachita manyazi, koma ndinaseka nawo. Ndinali nditakopeka ndi chinthu chimene ndinachikana ndekha.

Gulu lounika linakhala masiku angapo chitseko chili chotseka, kufananiza envulopu iliyonse ndi zimene zinalengezedwa. Yoyera ija inagwa chifukwa cha miyezo. Pa ziwiri zotsalazo anasankha yotsikirapo mtengo, ya kampani ina ya ku Lilongwe. Panadutsanso masabata, makalata akupita ndi kubwera. Kenako tsiku lina masana a injiniya anandipeza ndikutsuka thirakitala.

"Konzani chikwama, adada. Lolemba tikukaitenga."

Ndinasiya payipi ikutaya madzi.

Tinakwera basi atatu, ine, a makaniko ndi a injiniya. Titafika pabwalo la kampaniyo tinaipeza itaima payokha, yobiriwira, yaifupi, yokwera bwino, mipando idakali m'mapulasitiki. Ndinaizungulira kawiri ndisanaikhudze. Fungo la m'kati mwake linali la chinthu chimene sichinanyamulepo chonyansa chilichonse.

Wogulitsa anabwera ndi mapepala ndi cholembera, akumwetulira. A injiniya sanachilandire. Anatulutsa tepi yomwe ija, ine n'kugwira nsonga. A makaniko anavala ovolosi yawo n'kulowa pansi chagada, ndipo anakhalako nthawi yaitali moti wogulitsayo anayamba kuyang'ana wotchi. Potuluka anatukula chala chonyowa ndi mafuta.

"Payipi yokwezera kumbuyo ikudontha."

"Ndi pang'ono chabe, bwana, mukamanga kwanu," anatero wogulitsa.

"Yewo, koma sitisayina," a injiniya anayankha mofatsa. "Mzinda wagula lole yosadontha."

Ine mtima unali m'malere, kuopa kuti tibwerera chimanjamanja. Koma anaisintha payipiyo tsiku lomwelo ife tikuonerera, a makaniko n'kukweza ndi kutsitsa kumbuyo kasanu mpaka anakhutira. Pamenepo a injiniya anasayina, natenga makiyi, n'kundiikira m'manja.

Tinanyamuka m'mawa mwake. Ndayendetsa galimoto moyo wanga wonse, koma ulendo umenewo sindidzauiwala. Giya ankalowa ndi zala ziwiri. Mabuleki ankamva ndikangowaganizira. Titadutsa Kasungu a makaniko anayamba nyimbo ya kwaya ya kwawo m'Chitonga, ine wosadziwa mawu n'kumangothira besi. Pa Jenda tinaima kugula mbatata, ndipo ndinawaletsa onse awiri kudyera m'kati, a injiniya omwe, bwana wanga. Anadyera panja akundiseka. M'mapiri a Chikangawa tinakumana ndi nkhungu, ndinayatsa nyali zonse, lole n'kumakwera zitunda osapuma ngakhale kamodzi.

Tinalowa mu Mzuzu dzuwa litapendeka. Sindinathe kudziletsa, ndinaliza hutala kuyambira polowera mumzinda mpaka pagalaja. Anzathu onse osesa ndi onyamula zinyalala anali akudikira, amayi osesa mumsika akululutira, wina n'kuyala chitenje chake pansi kuti tayala lipondepo. Mayi a kunyumba nawonso analipo, atabwera ndi awiri mwa anansi aja a pampope kuti adzaone ndi maso awo.

Ntchito tinayamba mawa lake, ndipo ndinapempha kuti tiyambire ku Luwinga, kumene mulu wa zinyalala unali utafika m'chiuno. Ana a payunivesite anatuluka m'zipinda zawo ndi mafoni, kujambula lole ya zinyalala ngati yabwera ndi mkwati. Mayi wina wa nyumba zalendi anabwera ndi ndowa ziwiri, anakhuthula yekha, n'kugwira chitseko changa.

"Yewo chomene, adada. Ntchentche zinatitha."

Pofika masana mulu wonse unali utatha, ndipo lole inali itayamba kale kununkha ngati inzake yakale ija. Ndinaitsuka ndekha madzulo amenewo, mpaka kunsi kwa matayala. Mapulasitiki a pamipando ndinakana kuwachotsa, anakhala pomwepo miyezi itatu mpaka anang'ambika okha.