Khadi la Golide la Mlamu Wanga

Chaka chomwe nyumba zinasowa mu Dublin, landilodi wathu ku Santry anagulitsa nyumba yomwe tinkachita lendi. Ine ndinapeza bedi kwa mnzanga wa kutchalitchi. Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anayamba kugona m'galimoto.

Ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Masiku opuma ankasowa kopita, ndiye analowa m'kasino ina, nyumba ya juga m'tauni, poti munali mofunda. Pakhomo anamulemba umembala n'kumupatsa khadi. Posewera umalowetsa khadilo m'makina, ilo n'kumasunga mapointi. Akachuluka amakupatsa tiyi waulere, kenako chakudya, kenako chipinda cha hotela. Ukaleka kusewera amakutsitsa. Iye anakwera mpaka pa khadi la golide.

Tsiku lina ananditenga. Mayi wina wa suti anamulonjera pomutchula dzina, osaliphonya. Anatibweretsera nkhuku ndi tchipisi. Titadya ndinanyamuka.

"Alamu, khalani pansi," anatero. "Munaleredwa kuti? Kudya kwa eni n'kungopukuta pakamwa?"

"Si kwa azakhali anu kuno."

"Nanga winanso ndani m'dziko muno anandifunsapo ngati ndadya?"

Ndinakhalanso pansi. Iye anapita pa makina kukathokoza.

Patapita nthawi ndinamupezera chipinda ku Lucan. Mwini nyumba anati tifike Loweruka masana ndi dipoziti m'manja, ochifuna ndi ambiri. Ndalamayo mlamu anali nayo. Koma Lowerukalo linali tsiku lake lobadwa, ndipo a kasino anamuimbira foni. Keke, tebulo lakelake, bedi ku hotela.

"Andikonzera, alamu. Munthu akakuphikira sukana. Ndikangoonekera basi, ndikupezani."

Ndinaima pageti ku Lucan mvula ikuwaza. Anthu anandanda ngati kuchigayo. Mwini nyumba anatidikira ndithu, kenako anapereka kiyi kwa namwino wina amene anabwera ndi khanda.

Lamlungu ndinakamupeza pomwe ankaimika galimoto. Anali atasamba bwino, akununkhira sopo wa ku hotela. Za dipoziti sindinafunse, nkhope yake inali itanena kale. Ndinamuuza kuti chipinda chapita. Anagwedeza mutu, natsegula buti. Pamwamba pa bulangete lake panali kabokosi koyera.

"Ndakusungiraniko keke."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kudya nditaimirira pamvulapo. Kukana kukanakhala mwano.